Kagalimoto Kamene Alamu Anasankha

Munthu akafuna kuyambana nane, ayambe kutamanda tigalimoto tosamwa mafuta timene tadzaza pa siteji ya Mangochi masiku ano. Anyamata amabwera pakhonde pano ndi mathalauza ong'ambika, ine ndili kalikiliki kusoka, iwo pakamwa posatseka: akuti kagalimoto aka ungothiramo kabotolo, wafika ku Liwonde. Ine ndimangoti, "Tenga thalauza lako uzipita." Amati mdala uyu ndi wamkali. Anene. Tigalimoto timeneti ine ndinatidziwa tisanavale matayala, ndipo nkhani yake inandilowera mpaka m'banja.

Kwathu ndi kufupi ndi Makokola, koma ndinakwatira ku Chowe. Mkamwini amadziwa malo ake. Nyumba umange ndiwe, munda ulime ndiwe, koma mawu ndi a mlongo wake wa mkazi wako. Kwa ife mwini mbumba anali Che Saidi, achimwene awo a akazi anga, amake Amina. Ndiwonso anali ankhoswe a kuchikazi pa ndowa yathu, ukwati wa Chisilamu. Munthu wamfupi, wolankhula motsitsa moti umachita kuwerama kuti umve, ndipo ankakonda kuona anthu akuwerama.

Ine ndinali telala pa boma. Kaunjika atasefukira, anthu anasiya kusoketsa zovala, ntchito yanga n'kungotsala ya zigamba. Che Saidi anali atapita kale ku Joni, ndipo tsiku lina anaimba foni. "Alamu, kuno akufuna anthu odziwa singano. Bwerani, malo ndakupezerani." Sindinaganize kawiri. Ndinakwera minibasi ya transipota, ija yokoka ngolo yodzaza matumba a mpunga ndi usipa wotumiza kwa abale. Amake Amina anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anandipatsa chinangwa chophika m'kapepala, n'kunena kuti, "Kumeneko mukamvere achimwene, ndiwo akudziwa njira."

Ife chilichonse cha kumeneko timati Joni, koma kumene ndinakathera ndi kutali, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, wa mphepo yosapuma. Sindinalembedwe pa kampani yopanga magalimoto yeniyeniyo. Ine ndi Che Saidi tinali m'kafakitale ka pambali, kosoka nsalu ndi zikopa zokutira mipando, ndipo wogula wathu anali mmodzi yekhayo, kampani ija. Tinali nkhupakupa pa ng'ombe yowonda. Ngakhale fakitaleyo sinkatidziwa ndi maina. Wotilemba anali kontirakita, bambo wina wamimba amene ankangofuna kuti pa makina aliwonse pakhale mutu wa munthu.

Tinkagona atatu m'kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya eni dziko. Bedi linali la Che Saidi. Pansi tinkagona ine ndi Barnaba, msodzi wa ku Malindi amene ukonde wake wa chilimira unaola, n'kubwera kudzadula zikopa. Barnaba anali Mkhristu wa pamishoni, koma nkhumba sanalowetsepo m'nyumba mwathu, ndipo mwezi wa Ramazani ankathamanga poweruka kuti tikapeze futali itapsa. Zala zanga zitayamba kuchita dzanzi ndi kuzizira, ndiye anandigawira magolovesi ake. Munthu uja ndimamusowa.

Ntchito inali ya mipando ya zimagalimoto zazikulu, mabakhi a alimi ndi a mabwana a m'migodi. Chikopa chokhuthala, ulusi ngati wa ukonde. Ukaphonya mzere pang'ono, kapitawo wathu, mayi wamtali wachikhosa, ankakuponyera chikopacho kumaso. Ndinazolowera. Ku Chowe ndinkatumiza zimene ndikanatha, ndipo nyumba yathu inafoleredwa malata.

Koma ng'ombe inali ikudwala. Mafuta anakwera mtengo, anthu n'kuyamba kuopa zimagalimoto zomwa ngati njovu. Tikamapita kuntchito tinkadutsa bwalo la kampani, magalimoto atsopano ali ndandanda opanda wogula, mbalame za kunyanja zikuwanyerera pamwamba. Eni kampani anali kutsidya kwa nyanja, ndipo mphekesera inali yoti ngongole zawafika m'khosi.

Tsiku lina anatisonkhanitsa tonse. Kunabwera mzungu wa tayi ndi chithunzi cha kagalimoto kakang'ono, kozungulira ngati chikumbu. Anati aka ndiko kadzapulumutse kampani. Kopepuka, kosamwa mafuta, aliyense adzakafuna. Fakitale yathu itsegula layini yatsopano yosoka mipando yake, ndipo olowa kumeneko alembedwa za pemanenti. Anthu anaomba m'manja. Barnaba anandinong'oneza kuti, "Achimwene, uyu akuti tisiye chambo tizigwira usipa. Usipa suipa ayi, koma kuti ufanane ndi chambo chimodzi uyenera kudzaza dengu. Madengu amenewo awapeza kuti?"

Msonkhano utatha, kapitawo anaitana ine ndi Che Saidi. Anati mwa awirife mmodzi apite ku layini yatsopano, wina atsale ku yakale, tigwirizane tokha. Anayang'ana ine, chifukwa mzere wanga ankaudziwa. Koma kodi mkamwini amatsogola kusamba m'manja mwini mbumba ali pomwepo? Ndinagwetsa maso pansi, monga ndinaleredwera. Che Saidi anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Ndipita ndine." Potuluka anandigwira phewa. "Alamu, musadandaule. Kwanuko kukatsekedwa, ine ndidzakuonani."

Anadziwa bwinobwino kuti akundisiya m'bwato lobooka.

Layini yatsopano inali ya makina owala ndi yunifolomu zatsopano. Kunabwera ngakhale akuluakulu a boma kudzadula riboni. Alamu ankafika kunyumba akununkhira utoto watsopano, n'kumatiphunzitsa ngati ana. Akuti galimoto kuti isamwe mafuta iyenera kupepuka, ndiye chilichonse achepetsa: siponji yopyapyala, chikopa ayi, nsalu yake yochokera ku mabotolo osungunula. Akuti dziko likupita kumeneko, zimabakhi zanuzo ndi za makedzana. Barnaba ankangoseka akusenda anyezi. Ine ndinkatuluka panja kukaima pamphepo.

Kwathu ku layini yakale anayamba kutidula masiku. Ukafika pageti, akuti lero kulibe, bwerani mawa. Njala ikalowa, anthu amafuna womuloza chala, ndipo chala chinaloza ife. Anzathu omwe tinkagawana nawo tiyi anayamba kutitchula makwerekwere, akuti tabwera kudzawalanda chakudya pakamwa. Tsiku lina masana tikuweruka, gulu la anyamata linatitsekera njira pokwerera basi. Barnaba anamuswa mlomo ndi botolo, ine anandivula nsapato. Anthu ankangodutsa. Amene anatilanditsa ndi kapitawo uja woponya zikopa kumaso. Anawakalipira m'chilankhulo chawo mpaka anabalalika, kenako anatiuza kuti mawa tisachedwe.

Kagalimoto kaja kanachedwa kutuluka, ndipo pamene kankatuluka, msika unali utadzaza kale ndi tina totchipa tochokera maiko a kum'mawa. Apa ndi pamene ndinamvetsa mawu a Barnaba. Munthu amene amawerengera dontho lililonse la petulo ndi wosauka, ndipo wosauka sagula galimoto yatsopano, amagula yakale. Wolemera amene angagule yatsopano, mtengo wa mafuta sumusowetsa tulo. Pa kagalimoto kamodzi kampani inkapeza phindu la nyenyeswa, pamene bakhi imodzi inkadyetsa layini yonse. Ndiye mafuta aja anatsikako mtengo, anthu n'kuiwala mantha awo onse. Alimi anabwereranso kudzagula mabakhi a mipando yachikopa. Ife a m'bwato lobooka tinayamba kugwira mpaka Loweruka.

Eni ake kutsidya kuja anangotumiza mawu: layini ya kagalimoto itsekedwe. Makina owala aja anawaphimba ndi mapulasitiki. Che Saidi anapatsidwa pakeji yawo, ndalama zosiyira ntchito, poti anali a pemanenti, n'kuuzidwa kuti apite bwino.

Anakhala masiku angapo pabedi, kuyang'ana denga. Lamlungu lina masana, Barnaba atabwera kutchalitchi, alamu anandiitana kuti ndikhale pafupi.

"Alamu," anatero motsitsa muja, "ndalankhula ndi kontirakita. Akuti iye alibe nazo kanthu kuti pa makina anu pakhala ndani, bola pakhale munthu. Mawa mukamuuze kuti mwatopa, mukupita kumudzi. Pamalopo ndikhala ine."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Ndipite kumudzi ndikadye chiyani?"

"Munda ulipo. Mlongo wanga wakhala yekha nthawi yaitali."

"Che Saidi, tsiku lija munasankha ndinu. Ine ndinatsegula pakamwa?"

"Ndinasankha ngati wamkulu, ndipo lero ndikusankhanso ngati wamkulu. Kuno munabwera ndi mapazi a ndani?"

Barnaba anayesa kulowererapo. "Akuluakulu, pakeji muli nayo. Bwanji osayamba kabizinesi, mnzanuyu apitirize?"

"Iwe za mbumba yathu zikukhudza pati?" anatero alamu, osamuyang'ana n'komwe.

Pamenepo mtima wanga unadzaza. Zaka zonse zogona pansi iwo ali pabedi, kuwachapira, kuwerama kuti ndimve mawu awo. Ndinaimirira. "Walahi, pa makina aja sindichokapo. Munathawa bwato lobooka, lero mwaona kuti likuyandama mukufuna munditaye m'madzi. Ayi."

Sanakweze mawu. Anangoti, "Chabwino. Koma mukumbukire dothi limene mwamangapo nyumba yanu, ndi amene anakupatsani mkazi."

Sabata yomweyo ananyamuka kupita kumudzi. Bedi ndinamupatsa Barnaba, ine sindinafune kuligonera.

Kuchokera pamenepo foni ya amake Amina inafupika. Ndikaimba, "Tili bwino, ana ali bwino," basi. Nthawi zina ndinkamva mawu a mwamuna chapatali, foni n'kuduka. Ndinkadziwa kuti banja langa lili pa ulusi umodzi, koma ndinkati ndikapirira, ndikabwerera ndi kanthu m'manja, ndani adzandithamangitse? Ndinapitiriza kusoka ndi kutumiza.

Kampani nayo inkangotsimphina. Chaka chilichonse nyimbo yatsopano: akuti kwapezeka wogula wina, akuti boma libwereketsa ndalama, akuti tsopano tipanga zoyendera magetsi. Azungu a tayi ankasinthana, aliyense ndi chithunzi chake, aliyense akuti tapulumuka. Ife tinasiya kuomba m'manja. Mabakhi okha sakanatha kubweza ngongole zimene kagalimoto kaja kanasiya. M'mawa wina tinapeza geti lili ndi unyolo, alonda achilendo ndi agalu. Foni ya kontirakita inali yozima. Ife a kontirakita pakeji tinalibe, ngakhale zikomo. Barnaba anapeza ganyu pa maboti a nsomba padoko, anati kwawo sangapite chimanjamanja. Anandiperekeza pa basi, n'kundiveka jekete lake.

Ndinafika ku Mangochi nthawi ya vuto la mafuta. Mizere pa malo omwetsera inali yofika kumsika, madalaivala akugona m'magalimoto. Minibasi zambiri zinali zitaimikidwa. Zoyenda zinali tigalimoto tating'ono takale tochokera kunja, tonyamula anthu mothinana mpaka m'buti. Ndipo mfumu ya siteji ya ku Chowe anali ndani? Che Saidi. Pakeji ija anagulira kamodzi kotere. Mtundu womwewo wa galimoto umene unagwetsa kampani kuja, kuno unali ukuwadyetsa nyama, chifukwa kuno wosauka wogula zakale ndiye msika wonse. Anali atanenepa, mkanjo woyera, anyamata oitanira akuwatchula bwana. Atandiona ndi chikwama changa anamwetulira. Ine ndinakwera njinga ya kabaza.

Kunyumba kwanga ndinalandiridwa ndi fungo la petulo. Pabalaza panga, pansi pa malata anga, panali zigubu za alamu ndi matayala akale. Ana anandipatsa moni atagwada patali ngati ndine mlendo wodutsa. Amake Amina anandipatsa madzi osamba ndi chakudya, koma maso sanandipatse. Ndikafuna kulankhula nawo, pakhomo pamakhala pali wina wa kwa alamu, akuti wabwera kudzapala moto.

Sipanapite nthawi, anaitanitsa ankhoswe. Amalume anga anapalasa njinga kuchokera ku Makokola, munthu wokalamba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Che Saidi analankhula motsitsa, bwalo lonse litawerama. Akuti munthu uyu ndinamutenga ndine, ndinamudyetsa, koma tsiku la tsoka langa anandikana pamaso pa mlendo. Akuti wokana mwini mbumba kuchilendo sangakhale pa dothi la mbumbayo. Ine ndinafotokoza zanga, za layini, za kusankha. Azimayi ankangoyang'anana. Kwa iwo nkhani ya mipando inali nthano, koma galimoto imene inkawatengera kuchipatala inali itaima pomwepo. Amalume anapepesa mpaka mawu anawathera. Amake Amina anakhala kumbuyo kwa amayi awo, mpango utaphimba nkhope, ndipo palibe anawafunsa kanthu.

Chigamulo chinali choti ndichoke pamudzi. Kenako alamu anati, "Ndiye mutisiyire talaka, mlongo wanga amasuke."

Apo ndinaseka. Dothi ndi lawo, nyumba atenge, koma mawu othetsa ukwati m'chipembedzo chathu amatuluka pakamwa pa mwamuna. Chimenecho chokha sakanatha kundilanda. Ndinati, "Imeneyo mudikira." Ndinanyamula chikwama changa n'kutsika phiri.

Ndinabwereka makina, n'kupempha khonde lino moyang'anana ndi siteji. Sindinasankhe dala, ndi pomwe panapezeka. Tsiku lililonse ndinkaona alamu akupakira anthu. Ankanditumizira anyamata awo oitanira. "Bwana akuti talaka ija." Mawa lake, "Bwana akuti kuli wa sitolo wina ku Namwera akufuna kumanga ndowa, inu mukuchedwetsa." Mawa linalo, "Akuti mayiwo ndi amene akupempha, atopa nanu." Ndinkawathamangitsa ndi sizasi m'manja, koma mawu ankatsala. Ndikamasoka ndinkaona wa sitolo uja atakhala pansi pa malata anga. Ndinkati mkazi amene anakhala chete pabwalo, ndiye kuti anavomereza.

Linali Lachisanu, titangotuluka ku swala kumzikiti. Pakhonde pano panali madala osewera bawo, pamodzi ndi shehe wa mzikiti wathu amene ankadikira kuti ndimupindire mkanjo. Kagalimoto ka alamu kanali katangofika kutsidya kwa msewu, anthu akutsika. Nditadzutsa mutu ndinaona amake Amina ataima patsogolo panga, chikwama chachikulu pamutu. Anachitula pansi, n'kugwada m'mphepete mwa khonde.

"Salamu aleikumu, bambo a Amina."

Sindinayankhe salamu. Ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana galimoto ija, alamu atatsamira chitseko akutiyang'ana. Ndinati basi, anyamata alephera, tsopano abweretsa mwiniwake kuti adzandichititse manyazi pamaso pa anthu, ndipo chikwamacho ndi cha ulendo wa ku Namwera.

"Ndabwera kuti tilankhule," anatero.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera. Akutumani achimwene anu. Mukuifuna? Tengani, musavutikenso kukwera galimoto." Madala anasiya bawo. Shehe anatambasula dzanja, akuti, "Che telala, dikirani." Ine ndinali nditapita kale. "Ndakusiyani, talaka. Talaka. Talaka. Zitatu, kuti wa sitolo wanuyo asadikire. Kauzeni mlongo wanu kuti wapambana."

Amake Amina anandiyang'ana kumaso, koyamba chibwerere changa.

"Wa sitolo wake uti?" anafunsa. "Ine sindinakwere galimoto. Ndatsika wapansi kuchokera ku Chowe, ndinadzera njira ya kumunda kuti achimwene asandione. Ana ndawasiya kwa amayi, ndimati tikapeza chipinda tikawatenge. Zovala zanga ndi izi, ndi mapoto awiri. Ndimabwera kudzakhala nanu."

Ndinayang'ana mapazi awo. Anali oyera ndi fumbi mpaka m'maondo, patapata imodzi yomangidwa ndi waya.

Ndinatembenukira kwa shehe. "Shehe, ndinali nditakwiya. Mwaona nokha mmene anthu awa andizunzira."

Shehe anapukusa mutu. "Ikanakhala imodzi, bwenzi tikukonza. Mwanena zitatu, ndipo tonse tamva. Zitatu sizibwezedwa."

Amake Amina sanalire. Anadzitwika chikwama okha, wina atafuna kuwathandiza anakana. Anaima pang'ono m'mbali mwa msewu, kuyang'ana uku ndi uku, ngati pali kwina kopita. Kunalibe. Miyendo yobwerera wapansi inali itatha, ndipo galimoto ya ku Chowe yokhala ndi mafuta tsiku limenelo inali imodzi yokha. Anawoloka. Che Saidi anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana chikwama, kenako ine. Mipando inali itadzaza kale, ndiye anawakhazika m'buti pamwamba pa chikwama chawo, chitseko chili chotsegula, miyendo ili lende kunja, nkhope kuyang'ana kumbuyo kumene kunali ine. Anandiyang'ana choncho mpaka galimoto inakwera mlatho wa njira ya ku Chowe.